Bajeti ya Moto

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikulijambula pa bolodi:
mizere iwiri yotsamirana ngati denga la chigafa,
kamwa pamwamba, utsi wa choko,
pansi pake n'kulemba kuti phiri lophulika.
Ana amakopera. Belu likalira ndimafufuta,
phulusa lake limandikhala m'zikhadabo mpaka Loweruka.

Tsiku lina Yotamu, wa pa benchi yakumbuyo,
amene amafika mame ali m'miyendo,
anaimika dzanja:
"Madamu, inuyo munalionapo?"
Kalasi yonse zii.
Dzina langa ndine Ndaziona.
Ndinati titsegule tsamba lotsatira.

Usiku womwewo ndinang'amba pepala pakati pa kope
n'kuyamba masamu.

Phirilo lili kumpoto kwa Tanzania.
Akuti chiphalaphala chake chimatuluka chakuda bii
n'kuyera ngati ufa chikagonera panja.
Akuti.
Ndatopa nawo akuti.

Kuchokera pa depoti ya Kasungu:
Nkhamenya, Jenda, Mzuzu,
kutsetsereka Chiweta mtima uli m'khosi,
Karonga, kenako mlatho wa Songwe, wapansi.
Mpaka apo mitengo ndikuidziwa.
Kutsidyako kwacha idzasanduka shilingi
n'kuyamba kuonda ngati sopo wa pabanja lalikulu.

Kumanzere ndalemba zolowa:
matumba asanu ndi limodzi a soya, vendala akapanda kubera sikelo,
gawo langa la banki nkhonde mu Disembala,
mbuzi yamawanga ija, ngakhale yandizolowera.
Kumanja zotuluka zatsika mpaka kuseri kwa pepala:
pasipoti, jakisoni, ya pachipata,
ya wondilondolera njira, amene sindingamudumphe,
poti phiri la eni silikwereka ndi mapu a m'buku.
Ya malo ogona ndakhwatcha:
ndidzakwera mabasi a usiku, mpando ukhalenso mphasa.
Kamba ndi mtedza wokazinga ndi makaka.
Nsapato ndapeza kale pa kaunjika,
zachimuna, zokula pang'ono,
kutsogoloko ndidzatsendera nyuzi.

Mlamu wanga Sitefano anaona pepalalo pa tebulo.
Anawerenga milomo ikuyenda.
"Awatu ndi malata makumi awiri.
Komanso nokhanokha, munthu wamayi?
Moto sitiutsata kwawo, umabwera wokha."

Sindinakangane naye.
Moto ndimaudziwa, alamu:
wa pa mbaula, wa mu uvuni wa njerwa,
wa anyamata osaka mbewa umene unatidyera msipu chaka chatha,
wa malungo umene unanditengera Edina pa bondo pangapa.
Koma wonsewo unachita kubwera,
wina ndi machesi, wina ndi udzudzu.
Ine ndikufuna ndikaime pamaso pa moto wopanda wouyatsa,
wosadziwa dzina la munthu,
umene suli pa mlandu ndi aliyense.
Ndipo kumeneko sindikufuna wondifunsa ngati ndatopa.

Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi
ndimakwera phiri lathu la Kasungu,
mabotolo anayi a madzi ali kumsana, kuphunzitsa mawondo.
Pamwamba ndimagunditsa chikhatho pa thanthwe.
Ndi lofunda, inde, koma ndi dzuwa chabe,
kutentha kobwereka ngati kwa ine pa bolodi.

Bajetiyi ndaikonza kanayi tsopano.
Ndikati ndayandikira, mafuta akwera,
basi yakwera, phiri lasunthira kutali
chikhalirecho lili pomwepo.
Lero ikuperewera ndi mbuzi ina imodzi ndi theka.

Komabe pansi penipeni ndawonjezera mzere:
kabotolo ka mafuta odzola, kotsuka bwino, kachivindikiro kothina.
Mtengo: palibe.
N'kodzatengeramo phulusa.

Yotamu alemba mayeso chaka chamawa.
Ndikadzachedwa ndidzamufunafuna,
kaya pa kabaza, kaya ku esiteti akusoka fodya,
ndidzamutambasule dzanja lomwe lija anaimika,
ndimuthiremo pang'ono,
ndimuuze kuti atseke kope.